Pamaso pa Amayi Sititsimphina

Ine ndayenda. Pasipoti yanga inadzaza zidindo mpaka ndinachita kutenga ina, ndipo palibe bwalo la ndege limene makina ake ofufuzira zitsulo sanandiimbireko nyimbo. Ndikangodutsa pakakhomo kaja amalira, apolisi n'kuthamanga, ine n'kukwinya buluku mwaulemu. "Chitsulo chili m'bondomu, bwana, ndipo n'chapamwamba kuposa makina anuwo." Ena amaseka, ena amapempha kujambula chipsera. Sindikaniza. Chinthu chabwino n'choonetsa anthu.

Malonda ndinayamba ndi tayala limodzi lakutha m'mbali mwa msewu. Lero galimoto ikafa paliponse mumzinda muno, mwini wake amayamba watchula ine asanatchule Mulungu. Dzina langa lenileni analiiwala, amangoti Sipeya, poti ndimagulitsa masipeya a galimoto. Koma nkhani iyi ndi ya mng'ono wanga, ngakhale kuti popanda ine sikanatha bwino.

Awirife tinabadwa ndi hemofiliya. Magazi athu ndi aulesi, saundana msanga. Anthu amaganiza kuti vuto lathu ndi kudzicheka chala, koma vuto lenileni ndi magazi otayikira m'kati popanda bala, m'mawondo ndi m'zigongono. Bondo limatentha, n'kutupa ngati mpira, ndipo likatero zaka zambiri limadyeka. Masiku ano kuli timabotolo ta mankhwala ounditsa magazi, tokhala m'firiji, timene timadzibaya tokha mumtsempha. Tili ana tinkangotimvera m'mbiri. Ndiye imvi zisanamere, aliyense wa ife anali ataikidwa kale bondo lachitsulo, ine lakumanja, iye lakumanzere.

Tsono munthu wa magazi oterowo, pa ntchito zonse za pansi pano, anasankha kumeta anthu. Ndi malezala. N'chifukwa chake timamutcha Lumo.

Bondo lachitsulo ndi sipeya, ndipo za sipeya musatsutsane nane: imatha. Langa linayamba kugwedera kalekale, ndinakalisinthitsa ku dziko lina lozizira kumene dzuwa limaweruka msanga ngati kalaliki wa boma. Dokotala wa kumeneko anati chiyambire ntchito sanaonepo wodwala wocheza ngati ine, moti anachita kuwonjezera mankhwala ogonetsa. La Lumo linapirira zaka zingapo, kenako nalonso linayamba.

Iye sananene. Inanena ndi mitu ya anthu. Poti bondo lakumanzere linkamubaya, ankaima atatsamira mwendo wakumanja, thupi lonse litapendekeka, ndipo makina ometera ankatsata thupi. Mutu uliwonse wotuluka m'shopu mwake unali wotsetsereka mbali imodzi ngati denga la khonde. Aphunzitsi, madalaivala, m'busa, onse otsetsereka. Anyamata ankati ndi sitayilo yatsopano, koma achikulire anayamba kusamukira kwa wometa wa tsidya la msewu.

Tsiku lina ndinamupeza masana atakhala pa mpando wa makasitomala, mwendo uli pa ndowa, nkhope itachita mbuu.

"Iwe Lumo, bondolo latha."

"Latopa chabe, achimwene."

"Chitsulo sichitopa, chimagwedera. Ima ndione."

Anaima, bondo n'kuti go! Anagwira mpando ndi manja onse awiri. Ndinamuyang'ana, iye n'kuyang'ana pansi pamene panali tsitsi la anthu.

"Sindingathe kuima mpaka masana," anatero. "Chaka chino chikatha chonchi, nditseka. Ndiye ndizikatani? Kukhala m'sitolo mwanu kumawerenga mabawuti?"

Shopu imeneyo ndi moyo wake wonse. Galasi lalikulu lija anadzigulira yekha, anakana kuti ndimuthandize. Ndinamunyamula tsiku lomwelo kupita naye kuchipatala.

Kusintha bondo kachiwiri kwa munthu wa hemofiliya si kusintha tayala. Dokotala wa magazi, bambo wofatsa amene watisamala kuyambira kale, anayeza kaye ngati thupi la Lumo silikulimbana ndi mankhwala. Atapeza kuti lili bwino, anayamba kusonkhanitsa timabotolo tokwanira opareshoni ndi masabata a pambuyo pake, ntchito ya miyezi. Titakwana anatiuza mosapita m'mbali kuti timabotoloti tili ndi tsiku lake lothera mphamvu, ndipo odikira ndi ambiri. Dokotala wa mafupa akavomera, ndi ta Lumo. Akakana, tipita kwa ena, ife tidzayambirenso chaka chamawa.

"Chithunzi cha ekisire chikuonetsa kamzere kokayikitsa pakati pa chitsulo ndi fupa," anatero. "Koma dokotala wa mafupayo ndi mayi amene satsegula bondo la hemofiliya kachiwiri chifukwa cha kamzere. Adzafuna kuona mmene mukuyendera, ndi kumva mmene likupwetekera. Chonde, bambo, mukanene zoona. Ndimakudziwani anthu inu."

Amatidziwadi. Ife kubisa ululu tinakuphunzira tisanaphunzire kuwerenga.

Hemofiliya imadzera kwa mayi. Amayi athu anali ndi mlongo wawo, malume amene sitinawaone, amene anamwalira ali mnyamata ndi matenda omwewa. Ndiye tili ana, mmodzi wa ife akangoti "bondo", Amayi ankasiya kudya. Sankalira mokweza. Ankangokankha mbale n'kunena kuti, "Ndine ndinakupatsani magazi amenewa." Mwana angapirire ululu, koma mbale yokankhidwa ija ayi. Choncho tinapangana lamulo, ndipo woliyambitsa ndinali ine: pamaso pa Amayi sititsimphina. Manja kumbuyo, chifuwa patsogolo, mano pamtunda. Ukakhota pakona, gwa mmene ungafunire. Titaikidwa zitsulo tinawauza kuti basi tachira, chitsulo sichidwala. Lamlungu lililonse timapita kunyumba imene ndinawamangira, ya mazenera aakulu ija, ndipo kuchoka pa galimoto kukafika pa sofa timaguba ngati asilikali. Maso awo anali atafooka, ndiye zinkatiyendera.

Madzulo a tsiku loti mawa tikaonana ndi dokotala wa mafupa, ndinatseka shopu ya Lumo n'kumuphunzitsa.

"Ine ndaonana ndi madokotala a m'mayiko ambiri, ndimvere. Akakufunsa kuti likupweteka bwanji, uziti chiyani?"

"Pang'ono."

"Chitsiru! Uziti likupweteka ngati muli msomali."

"Muli ngati misomali iwiri, achimwene."

"Eya, nena zimenezo! Tayenda."

Anayenda kuchoka pa galasi kukafika pakhomo, akukoka mwendo, bondo likulira go, go. Zinali zomvetsa chisoni kwambiri moti ndinawomba m'manja. Ndinamulola andimete kuti mtima wake ukhale pansi, kenako ndinagula chipewa.

Tsono mwezi umenewo n'kuti nditangogula galimoto yatsopano, ya mipando yachikopa yotenthetsa msana, ndipo ndinali nditawanyengerera Amayi kangapo kuti adzaikwere. M'mawa wa tsikulo foni inalira.

"Iwe, ndamva kwa mkazi wa mng'ono wako kuti mukupita kuchipatala kukatenga mankhwala. Undidzere. Magalasi anga atsopano akuti afika. Ndiikwere galimoto yakoyo, mwina ungasiye kundisokosa."

Ndikanati chiyani? Lumo atamva anagwira mutu, koma ndinamulimbitsa mtima. Mzere wa ku chipinda cha maso ndimaudziwa, munthu amalowa ndi ndevu zometa n'kutuluka ndi zofunika kumetanso. Tiwasiya kumeneko, ife tithana ndi za mafupa, tikawatenga atatopa.

Nzeru inali yabwino. Chinaiwononga ndi ulemu umene anthu amandipatsa. Kalaliki wa ku maso atangondiona anaimirira. "A Sipeya! Matayala aja mpaka lero ali gwa! Awa ndi amayi anu? Asaime pamzere amayi a bwana!" Kodi ndi mlandu wanga kuti ndimagulitsa katundu wolimba?

Dokotala wa mafupa anali mayi wamfupi wa manja ngati a kalipentala, wosataya mawu. Anayang'ana chithunzi cha ekisire nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Tiyeni pakhonde, bambo, muyende ndikuoneni." Tinatuluka. Lumo anagwira khoma, anakonzeka bwinobwino kuti ayambe kukoka mwendo. Pomwepo kumapeto kwa khonde kunatulukira Amayi, ndodo m'manja, magalasi atsopano ali waliwali.

"Ee, koma dziko layera!" anafuula. "Iwe Sipeya, kani unakalamba chonchi?"

Anakhala pa benchi, chikwama pamiyendo, n'kutiyang'ana ngati afika pa kanema.

Ndinaona msana wa Lumo ukuwongoka wokha. Dzanja linachoka pakhoma n'kupita kumbuyo. Chifuwa chinatuluka. Mano anayera.

"Yendani, bambo," anatero dokotala.

Anaguba. Abale anga, ndaonapo asilikali olondera nyumba za mafumu kunja, ovala zipewa zaubweya, koma sanafike pamenepo. Anakafika kumapeto, anatembenuka pa chidendene, n'kubwerera. Ngakhale bondo lenilenilo linachita mantha, silinalire. Thukuta lokha ndi limene linkatsika m'khosi.

Dokotala anakweza nsidze. "Likupweteka bwanji?"

Lumo anaponya diso ku benchi. "Pang'ono, adokotala. Kukazizira."

"Misomali!" ndinanong'ona.

"Mwati chiyani, bambo?"

"Ndimati... nyumba ino anaimanga bwino."

Tinalowanso m'chipinda, Amayi n'kulowa nafe, poti ndani angawaletse. Ndinayesa nzeru zonse. Ndinati, "Amayi, pansipa pali kantini ya tiyi wabwino." Anati anamwa kale. Ndinati, "Mukaone mmene mipando ya galimoto imatenthetsera." Anati msana wawo si buledi. Dokotala anamugoneka Lumo pa bedi, anagwira mwendo, anaupinda, anaupotoza uku ndi uku. Ine ndikudziwa mmene zimenezo zimapwetekera pa chitsulo chogwedera, maso amachita mdima. Mng'ono wanga ankamwetulira ngati akumujambula chithunzi cha ukwati.

Dokotala anasamba m'manja n'kukhala pansi.

"Bambo, ndikuuzeni zoona. Opareshoni yachiwiri ndi yaikulu kuposa yoyamba. Ndiyenera kugumula chitsulo chakale ndi simenti yake, ndipo mafupa a anthu a hemofiliya amakhala ofewa, amanyenyeka. Magazi amatayika ambiri, ndiponso bala likhoza kulowa tizilombo. Munthu woyenda ngati mmene mwayenderamu sindingamuike pa ngozi yotere. Mankhwala aja apite kwa amene akuvutika. Tidzaonanenso chaka chamawa."

Lumo anati, "Zikomo, adokotala." Anathokoza! Shopu yake ikumira, iye akuthokoza. Ndinadziwa kuti madzi afika m'khosi.

Ine pa malonda sindinabwererepo chimanjamanja. Ndinagulitsapo matayala kwa munthu amene analibe galimoto. Ndinaimirira, n'kuvula chipewa.

"Adokotala, musanatseke nkhaniyi, taonani mutu wangawu."

"Ine ndi wa mafupa, bambo. A mitu ali m'chipinda cham'mwamba."

"Taonani kametedwe. Wandimeta ndi ameneyu dzulo. Munthu ameneyu wameta anthu moyo wake wonse, mzere wake unkawongoka ngati wa rula. Lero taonani. Mbali iyi phiri, mbali iyi chigwa. Mvula ikagwa madzi onse athera khutu limodzi. Galimoto ikamadya tayala mbali imodzi sitifunsa dalaivala ngati ikupweteka, timadziwa kuti pansi pali chogwedera. Pitani mumsewu mwathu mukaone, mitu yonse yapendekeka, ndi m'busa yemwe!"

Namwino amene anali pakona anabisa nkhope m'kabati. Dokotala anayesetsa kulimba, koma pakamwa panamugwedera.

"Umboni wotere sindinaulandirepo," anatero. "Koma sinditsegula bondo chifukwa cha tsitsi. Mwini bondo wanena yekha kuti n'pang'ono."

Nthawi yonseyi maso a Amayi anali pa mutu wanga. Anaimirira ndi ndodo yawo, anabwera pafupi, anandigwira chibwano n'kutembenuza mutu wanga uku ndi uku, akuuyang'ana ndi magalasi atsopano aja. Kenako anapita kwa Lumo. Anayang'ana kolala yonyowa ndi thukuta, anayang'ana nsapato yakumanja yodyeka chidendene pamene yakumanzere inali ngati yatsopano.

"Tayendanso," anatero.

Lumo anatsika pa bedi. Manja kumbuyo, chifuwa patsogolo, mano pamtunda.

"Ima pomwepo." Mawu awo anatsika. "Kayendedwe aka ndikukadziwa. Maso anga akale ankangoona mithunzi iwiri ikulowa pakhomo, ine n'kumati ana anga anachira. Mlongo wanga ankayenda chonchi pamaso pa amayi athu. Manja kumbuyo chomwechi. Anayenda choncho mpaka tsiku limene tinachita kumunyamula, ndipo sanabwerenso."

Ine ndinayang'ana chikwama chawo, mtima uli m'mwamba, ndikudikira mawu aja a magazi amene anatipatsa. Koma Amayi anamenya ndodo pansi.

"Magazi ndinakupatsani ndine, ndavomera. Koma uchitsiruwu mwautenga kwa bambo anu. Tsimphina!"

"Amayi, sikuti..."

"Ndati tsimphina, mwana wopanda khalidwe! Adokotala akudikira."

Anayesa. Ndikunena zoona, anayesa. Anaponya mwendo, koma msana unakana kupindika. Anayesanso, zinangokhala ngati akuvina. Thupi limene laguba pamaso pa mayi wake kuyambira ubwana silimva lamulo latsopano tsiku limodzi.

"Sizikutheka, Amayi," anatero, misozi ili m'maso koma mano adakali pamtunda. "Mukandiyang'ana mwendo ukuwongoka wokha."

"Achimwene ako atakuphunzitsa zabodza unakhoza, zoona zikukukanika?"

Ndinafuna kufotokoza kuti maphunziro anga onse amakhala apamwamba, koma ndinaona kuti si nthawi yake.

Amayi anapuma mozama. Anavula magalasi aja, anawapinda bwinobwino, n'kuwaika m'chikwama.

"Basi. Ndabwerera mumdima wanga. Sindikuona kanthu. Yenda."

Lumo anawayang'ana, anayang'ana ine. Mapewa anagwa. Dzanja linafufuza khoma. Anaponya phazi limodzi, thupi lonse n'kupendekera kumanja ngati lole yolemera mbali imodzi, ndipo bondo linati go! Phazi lina, go! Asanafike pakhomo anagwira mpando, n'kutulutsa kamawu kamene ndinali ndisanakamve chichokere ku ubwana.

"Makutu sindinavule," anatero Amayi motsitsa.

Dokotala anali ataimirira kale. Anamugonekanso, anagwira mwendo, ndipo atangoupotoza pang'ono Lumo anakuwa mpaka mlonda anasuzumira pakhomo.

"Likupweteka bwanji, bambo?"

"Misomali, adokotala. Iwiri. Ndi nyundo yomwe."

"Chiyambire liti?"

"Chaka chatha."

Dokotala anapukusa mutu, n'kuuza namwino kuti aimbire dokotala wa magazi asapereke timabotolo tija kwa wina. Kenako anatembenukira kwa Amayi. "Mayi, tsiku la opareshoni mudzabwere. Koma magalasi mudzasiye kunyumba."

Opareshoni inatenga pafupifupi tsiku lonse. Anamubaya mankhwala asanalowe, ali m'kati, ndiponso atatuluka, namwino akuthamanga ndi timachubu ta magazi kukayezetsa ngati akuundana mokwanira. Chitsulo chakale anachipeza chikugwedera ngati dzino la nkhalamba. Anaika china cha miyendo italiitali yolowa m'kati mwa fupa, mtundu womwewo umene ndili nawo ine, ngakhale changa n'chowala kwambiri. Ine ndinkayendayenda pakhonde kufotokozera odikira anzanga mmene amachitira kunja. Amayi anakhala pa benchi. Dzuwa lili pamutu anatsegula chikwama, anatulutsa buledi ndi nthochi, n'kuyamba kudya. Ndinasiya kulankhula, chinthu chimene sichichitika kawirikawiri. Anadya zonse, osandigawira.

Masabata otsatira anali a mayi wolimbitsa mafupa, amene ankapinda bondolo m'mawa uliwonse Lumo atangobayidwa mankhwala. Mng'ono wanga anali ataphunzira kukuwa, ndipo anakukonda. Ankakuwa asanamugwire n'komwe. Bondo linatupa kamodzi, tonse tinachita mantha, koma ananena msanga, anamuwonjezera timabotolo, linaphwa.

Lero amaima tsiku lonse. Mizere yake yawongokanso ngati ya rula, achikulire abwerera, anyamata okha ndi amene akudandaula kuti sitayilo ija inatha. Galasi lake lili pomwe lija.

Vuto latsala Lamlungu. Tsiku loyamba kupita kwa Amayi atachira, tinatsika galimoto, Lumo n'kuyenda mowongoka, ulendo uno zenizeni, wopanda ndodo, wopanda thukuta. Ine pambali pake, monga mwa nthawi zonse, ngati nduna. Amayi anali pakhonde, magalasi ali pamphuno.

"Mwayambiranso?"

"Ayi, Amayi, lachira! Silikupweteka!"

"Munkateronso. Bwererani ku galimoto, mubwere ngati anthu."

Tinalumbira, tinakwinya mabuluku, Lumo anafuna kudumpha koma ndinamugwira. Sizinathandize. Anati tiyi sapereka kwa anthu abodza. Tinabwerera ku galimoto, tinayang'anana, n'kubwera tikutsimphina pang'ono, iye kumanzere, ine kumanja.

"Eya," anatero Amayi, akutsegula chitseko. "Tsopano ndikudziwa kuti muli bwino."

Ndi mmene timalowera mpaka lero. Lumo amachita mwamanyazi, nthawi zina amaiwala mwendo wake n'kutsimphinira wolakwika. Ine ndinakonza kanga bwinobwino: kugwetsa phewa pang'ono, kukoka chidendene, kaphokoso kakang'ono pakhosi pokwera sitepe. Amayi amati pa ana awo awiri, wotsimphina mogwira mtima ndine, ndipo kapu yaikulu amapatsa ine.